Kwa mwana wanga amene ali ku Kyoto

Wokondedwa mwana wanga,

Mlongo wako wandionetsa zithunzi zimene unamutumizira, ndipo nditamupanikiza ndi mafunso wandiululira kuti ndalama zimene umalandira zoti udyere ndi kulipirira nyumba zikuthera ku ziboliboli. Usamukwiyire, chifukwa nkhope yake ndi imene inayamba kulankhula iye asanatsegule pakamwa. Ndaziona zitandandalikidwa pa tebulo lako pamene pankayenera kukhala mabuku: bambo wokhala pansi, wovala mkanjo wakuda wonyezimira ndi chisoti chachitali, atagwira kathabwa m'manja, maluwa agolide ali pachifuwa. Kukongola n'zokongoladi, sindikutsutsa.

Munthuyo ndimamulemekeza, ndipo ndikudziwa chimene chakukoka mtima. Bambo wa pa ziboliboli zakoyo, Sugawara no Michizane, anali katswiri wa maphunziro ndi ndakatulo amene anakwera mpaka kukhala mmodzi wa nduna zazikulu za mfumu ya ku Japan, adani ake a banja la Fujiwara anamunamizira, ndipo mu 901 anamuthamangitsira ku Dazaifu kumene anamwalira mu 903. Lero ana asukulu a ku Japan amadzaza akachisi ake mayeso akayandikira, akumutchula kuti Tenjin, mulungu wa maphunziro. Ine amene ndagwira choko moyo wanga wonse sindingadabwe kuti mwana wanga wakonda munthu wotere. Koma ulemu umene anthu amamupatsa unachokera ku zimene anawerenga ndi kulemba, ndipo iwe unapita kumeneko kukachita zomwezo.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi mnzako uja amene amakutenga pa 25 mwezi uliwonse kupita kumsika wa pa kachisi wa Kitano Tenmangu, n'kumakuuza kuti ukagula lero udzagulitsa ku London pa mtengo wowirikiza. Ngati phindu lake ndi lotsimikizika chotero, bwanji iye osaika zake? Ndikukumbukira uli Fomu 2 pamene ndalama za mayeso unagulira wailesi chifukwa mnzako anati idzagulitsika msanga, ndipo bambo ako anagulitsa mbuzi ali chete, osakudzudzula ngakhale liwu limodzi. Mtima wako ndi wabwino, mwana wanga, koma umakhulupirira munthu wolankhula mokoma mofulumira kwambiri.

Taganizira ntchito imene imalowa m'chinthu chenicheni. Utomoni umene amapaka pa ziboliboli zotere, umene amautcha urushi, amaukama ku mtengo umene wakula zaka 10 kapena 15, ndipo mtengo umodzi umangotulutsa pafupifupi magalamu 200 basi, kenaka amaudula. Ukakhala wauwisi umatulutsa zidzolo zoyabwa pakhungu. Mmisiri amapaka kamodzi, n'kuika chinthucho m'kabati yachinyezi kuti utomoni ulimbe, n'kupala, n'kupakanso, kubwereza kambirimbiri kwa miyezi, asanawaze fumbi lagolide pamwamba pake. Ntchito yotere ikakhala yakalekale ndiponso yosawonongeka, eni dziko amaidziwa mtengo wake kuposa iwe, ndipo sangaisiye pa mphasa kuti mlendo wa dzulodzulo aitole motchipa. Kuli utoto wopangidwa kuchokera ku makoko a mbibu umene umanyezimira mofanana, kulinso pulasitiki yopakidwa bwino, ndipo bokosi lathabwa lokhala ndi dzina la mmisiri lingathe kusinthidwa n'kuikamo chinthu china. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iwe diso lozindikira zimenezi unalitenga liti?

Ndipo tiyerekeze kuti n'zenizeni. Ziboliboli zina zakale zimakhala ndi nkhope kapena manja a mnyanga wa njovu, ndipo sindifunika kukukumbutsa zimene zimachitika kuno munthu akapezeka ndi mnyanga pa bwalo la ndege. Anthu akupita kundende zaka zambiri, ndipo woweruza sadzamva zoti unagula ngati chokongoletsa m'nyumba. Dziko la Japan nalonso lili ndi lamulo la mu 1950 loteteza chuma cha makolo awo, ndipo zinthu zimene boma linazilemba kuti n'zofunika sizituluka m'dzikomo. Mnzako uja anakuuzapo zimenezi? Ukazifikitsa kuno, dzuwa lidzapha kunyezimira kwake, ndipo kuuma kwa mwezi wa Okutobala kudzang'amba thabwa la m'kati mpaka utomoni kuyamba kusupuka.

Sindikukuletsa kukonda zinthu zokongola, unabadwa choncho. Uli wamng'ono unkaumba ng'ombe zadothi n'kukana kuti anzako azigwire. Ngati mtima ukufuna, pita ku Nara ukaone chifanizo cha Ganjin, mphunzitsi wa chipembedzo cha Chibuda, ku kachisi wa Toshodai-ji, chimene chinapangidwa ndi nsalu ndi utomoni womwewu zaka zoposa 1,200 zapitazo. Amachionetsa masiku ochepa m'mwezi wa Juni, ndiye ufunsiretu. Kuona sikudzakusiya ndi ngongole.

Sunga chimodzi chimene wachikondetsetsa, uchiike kutali ndi zenera, zinazo upite nazo kwa wogulitsa zakale wodziwika, wopanda ubale ndi mnzakoyo, akuuze mtengo wake weniweni. Pa 25 mwezi uno usapite kumsika kuja. Ndipo undiyankhe funso limodzi mosabisa: kodi wakongola ndalama kwa munthu aliyense, ndipo ndi zingati? Undiyankhe iwe mwini, osadzera kwa mlongo wako. Udye mokwanira, pa chithunzi paja waonda.

Ndine mayi ako.