Kwa mng'ono wanga, za mabuku a ku ofesi

Mtendere, Lusaka

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, Amayi, Atate ndi ana omwe. Kuno tadzuka, achimwene akulu nawonso ali bwino ndipo akuti moni. Uthenga wako woti ukamaliza kukolola ubwera kudzatigwirira mabuku tinaumva. Ndati ndikulemberetu mmene ntchitoyi ikhalira, uziwerenga uli pakhonde, chifukwa kuno mwezi ukamatha sipapezeka mpata wophunzitsana.

Ofesi yathu imayang'anira mapuloti ndi nyumba za anthu ena. Eni ake ena ali ku Kitwe, ena ku Johannesburg, ena ndi okalamba oti sangamayende khomo ndi khomo kukatolera lendi. Ndalama yodutsa m'manja mwathu ndi yawo, yathu ndi komishoni basi. Ntchito tinaigawa chonchi: achimwene amatolera, ine ndimalipira amisiri ndi mabilu, iwe udzakhala wolemba. Wolemba sagwira ndalama, wogwira ndalama salemba m'buku. Usaganize kuti tikukayikirana. Vuto ndi loti pachibale pamavuta kufunsana, mng'ono sangamuuze mkulu wake maso ndi maso kuti K300, kwacha ya kuno ku Zambia, yasowa. Buku likafunsa palibe amene amakwiya.

Mabuku ndi atatu. Loyamba ndi la malisiti, la kaboni, lokhala ndi manambala otsatana. Ukalakwitsa usang'ambe tsamba, ungodula mzere n'kulisiya momwemo, chifukwa nambala yosowa imaoneka ngati ndalama yodyedwa. Lachiwiri ndi lolembamo zolowa ndi zotuluka za tsiku lililonse, ndipo lizilembedwa tsiku lomwelo usanatseke chitseko. Lachitatu ndiye mwini nkhani: landilodi aliyense ali ndi tsamba lakelake, akakhala ndi mapuloti awiri masamba akhalenso awiri. Ndalama ya puloti ya ku komboni ya Chawama isakakonze mpopi ku komboni ya Matero ngakhale utati ubweza mawa. Mawa lakelo wa ku Chawama amaimba foni kufuna ndalama yake yonse.

Ambiri masiku ano amalipira pa Airtel Money kapena MTN. Apa ndi poterera. Munthu amatumiza pa foni ya mlamu wake kapena kudzera kwa ejenti wa pa msika, ndiye dzina lobwera pa uthenga silikhala la wochita lendi. Usalembe mongoganizira. Dikira mpaka atakuuza puloti ndi nambala ya chitseko, kenako ukopere nambala ya uthengawo pa lisiti. Ndalama yodula potapa kapena potumiza ili ndi mzere wake. Imaoneka yochepa, koma ukaisiya miyezi isanu ndi umodzi buku silingagwirizane ndi foni.

Za malo kuno n'zosiyana ndi kwathu ku Mchinji kumene timangoti a mfumu akudziwa. Lamulo la malo la 1995 limati malo onse a Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo wokhala ndi title, chikalata cha malo, amakhala wabwereka kwa zaka zosapitirira 99. Ameneyu amalipira ground rent, lendi ya malowo, chaka ndi chaka ku unduna wa za malo, umene uli ku Mulungushi House. M'makomboni ambiri anthu ali ndi occupancy licence, chilolezo chokhalira pamalo cha zaka 30 chochokera ku khonsolo ya mzinda, ku Civic Centre. Palinso msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo komweko. Ndiye pamwamba pa tsamba la landilodi aliyense uzilemba pepala limene ali nalo, nambala ya puloti ndi kumene amalipira. Lisiti ya ground rent ndi ya khonsolo zisungidwe mu failo ya pulotiyo mpaka kalekale, chifukwa tsiku logulitsa malo ngongole zakale zonse zimatulukira ndipo amene amafunsidwa ndi ife.

Tsopano kawerengedwe ka kumapeto kwa mwezi. Tinene kuti puloti ili ndi zitseko zisanu ndi chimodzi, chilichonse K900. Yoyenera kulowa ndi K5,400. Wa chitseko chachinayi wapereka K500 yokha, choncho yalowa ndi K5,000 ndipo K400 ndi ngongole. Ngati tinagwirizana ndi mwini wake komishoni ya K10 pa K100 iliyonse, timaiwerengera pa ndalama imene yalowadi, ndiye ndi K500, osati K540. Ambiri amayambana ndi eni nyumba pa K40 yomweyi. Kenako madzi K380, zinyalala K100, mpopi watsopano K120, pulambala K250, ndi K200 yosungira msonkho wa khonsolo kuti bilu ikabwera isadye lendi ya mwezi wonse. Zochotsa zonse zakwana K1,550, yopita kwa mwini wake ndi K3,450. Pansi pake ulembe kuti chitseko chachinayi chatsala ndi K400 ndiponso tsiku limene walonjeza. Pepala limeneli lipite ndi zithunzi za malisiti onse, ndipo lizitsogola pepala, ndalama pambuyo. Munthu akayamba waona K3,450 pa foni pamene amayembekeza K5,400, amaimba ali wopsa mtima kale, zofotokoza zako sazimvanso.

Msonkho wa lendi wa ku ZRA, bungwe lotolera misonkho kuno, ndi wa mwini nyumba, pa nambala yake ya msonkho (TPIN), ndipo umawerengedwa pa lendi yonse yolowa, osati pa yotsala titachotsa zokonzetsa. Wa mwezi uno uyenera kulipidwa pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mlingo wake umasintha ndi bajeti ya boma, choncho Januwale aliyense uzifunsanso, usamadalire wa chaka chatha. Amene anatipempha kuti tiziwalipirira ali ndi mzere wina pa tsamba lawo.

Zokonzetsa ndi zimene zimathetsa ubale ndi malandilodi. Lamulo lathu ndi ili: chosapitirira K500 timakonza n'kudziwitsa, choposa pamenepo sitikhudza mpaka mwini wake atavomera molemba, ngakhale pa WhatsApp. Kuvomera kwa pafoni kumaiwalika. Umutumizire chithunzi cha chowonongekacho, mitengo ya amisiri awiri, ndipo zipangizo zikhale padera ndi ndalama ya ntchito. Simenti, malata ndi mapaipi tizigula tokha ku sitolo yopereka lisiti. Mmisiri ukamupatsa ndalama ya matumba asanu a simenti, pakhoma pamapita atatu. Ya ntchito timamupatsa theka poyamba, theka linalo achimwene akakaona ntchito. Amisiri ambiri alibe malisiti, ndiye asaine pa kapepala kathu, alembe nambala ya foni ndi ntchito imene wagwira. Chokhacho chimene sitidikira chilolezo ndi paipi yophulika ndi chimbudzi chodzaza.

Zimbudzi zipopedwe mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe. Ku komboni ya Kanyama pansi ndi pamwala ndipo madzi ali pafupi, mvula ikagwa masiku awiri zimbudzi zimasefukira m'mabwalo. Unamva za kolera wa kumapeto kwa 2023 mpaka 2024, pamene odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium. Landilodi wokana ndalama yopopera uzimukumbutsa zimenezo, ndipo kukana kwakeko ukusunge molemba.

Madzi amavutanso pamene mita ndi imodzi pa puloti yonse. Uziwerenga mita wekha tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse n'kuijambula. Bilu ikakwera mwadzidzidzi, tsekani mipopi yonse muone ngati mita ikuyendabe. Ikamayenda ndiye kuti paipi ikudontha pansi, ndipo ndalama imeneyo ndi ya mwini nyumba, osati ya ochita lendi. Magetsi ndi a mayunitsi ogulirathu, ochita lendi amasonkherana okha, ife sitilowererapo. Wina akamatuluka m'nyumba timangolemba mayunitsi otsala.

Dipoziti si lendi ndipo si ya landilodi. Imakhala pa mzere wake mpaka munthu atatuluka. Tsiku lolowa timajambula zitseko, maloko, mawindo ndi makoma, onse awiri n'kusaina. Tsiku lotuluka timayerekeza. Galasi losweka timachotsera pa dipoziti, koma penti yofwifwa chifukwa cha zaka ndi ya mwini nyumba. Eni ena amafuna kuti tiwatumizire dipoziti pamodzi ndi lendi yoyamba. Ukalola, tsiku lobweza ndalamayo imakhala itagula kale feteleza, ndipo wochita lendi amadzaima pa khomo pathu, osati pawo. Wolephera kulipira timamulembera kalata, ina n'kuisunga mu failo. Kuzula chitseko kapena kukhoma loko wina ayi, kutulutsa munthu n'kwa khoti.

Loweruka loyamba la mwezi timatseka ofesi masana n'kukhala pansi atatu. Zotsala pa masamba onse a malandilodi, kuphatikiza madipoziti ndi ndalama zosungira msonkho, ziyenera kufanana ndi zimene zili ku banki, pa foni ndi m'kabokosi. Zikasiyana ngakhale ndi K20 sitidzuka. Nthawi zambiri imapezeka pa ndalama yodula potumiza kapena pa lisiti yolembedwa kawiri. Zikagwirizana m'pamene timachotsa komishoni, kulipira lendi ya ofesi ndi zoyendera, yotsalayo n'kugawana. Wofuna kutapako pakati pa mwezi amasaina ngati ngongole, ngakhale achimwene amene.

Pobwera udzere pa malire a Mwami, ukakwere basi ku Chipata m'mawa kuti ufike pa siteshoni ya mabasi ya Intercity kuno kusanade kwambiri, ine ndidzakuchingamira. Utenge pasipoti ndi satifiketi yako ya sukulu, zikufunika popempha chilolezo chogwirira ntchito, ndipo buku sudzaligwira chisanatuluke. Kwacha ya kuno usaiwerengere ngati ya kwathu, ufunse mtengo usanasinthe pa malire. Amayi uwauze kuti ya mankhwala tawatumizira, atiyankhe ngati yafika. Utitengereko mtedza ndi ufa wa mgaiwa pang'ono.

Ndine mkulu wako,
ku Lusaka