Zidole zija zaphunzitsa chiyani ana athu ku Area 25?

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga ndidandaule za sewero la zidole lomwe linachitika Loweruka lapitali pa bwalo la sukulu ina ku Area 25. Amene analipo akudziwa zomwe ndikunena. Anatiitana kuti kuli uthenga wa kolera poti mvula yayandikira, ife n'kutenga ana kupita. Za kusamba m'manja ndi sopo anangozikhudza pang'ono, basi. Nthawi yonse yotsala anyamata obisala kuseri kwa nsaluwo anaithera pa chidole chachikazi cha wigi yofiira, milomo yopaka ngati chamwa magazi, mbuyo atachiunjikira nsanza kuti chizigwedezeka bwino.

Chidolecho ntchito zake zinali kujeda anzake pa kiyosiki ya madzi, kulirira ndalama ya ku saluni, ndi kufufuza mu foni ya mwamuna wake akagona. China chilichonse ayi. Mwamunayo atatopa anachiwomba mbama, ana n'kuwomba m'manja, akuluakulu omwe anakhala pa mipando ya kutsogolo n'kumaseka mpaka kupukuta misozi. Zikomo kwambiri akatswiri athu a luso! Kolera wathawadi ku Lilongwe chifukwa cha mbama imeneyo.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi wigi ija. Inde, wigi. Munthu anakhala pansi, anagula ulusi wofiira, anasoka, akudziwa bwino lomwe kuti akufuna ana a Sitandade 3 aphunzire kuti mzimayi wodzisamalira ndi wosakhazikika. Ulusi womwewo ukanatha kusoka yunifolomu ya namwino. Ukanatha kusoka duku la mayi wonyamula dengu la tomato ku Wakawaka m'bandakucha, amene ndalama yake ndiyo ikulipira lendi ndi fizi m'makomo ambiri ku Mgona ndi ku Mtandire. Koma ayi, zimenezo akuti sizisekesa.

Abambo nanu musaganize kuti munapulumuka. Panali chidole china chachimuna chomwe chinapezeka chikuchapa matewera a mwana, anzake n'kuyamba kuchikuwiza kuti chinadyetsedwa khuzumule. Ndiye mnyamata wa zaka 9 amene anaonera zimenezi mumutuma bwanji kutsuka mbale madzulo ake? Wamva kale kuti mwamuna wogwira ntchito za pakhomo ndi wopepera.

Kodi anyamatawa sadziwa kuti dziko lino lili ndi lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006? Nanga la 2013 loti pasamakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi? Mayi Joyce Banda analamulira dziko lino kuyambira 2012, Mayi Catherine Gotani Hara anakhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019 konkuno ku Lilongwe, ndipo K200 yomwe anyamatawa amagulira mandasi ili ndi nkhope ya Rose Chibambo. Temwa Chawinga akumwetsa zigoli ku America, mkulu wake Tabitha ku France. Onsewa osawaona, n'kukaona mzimayi wa miseche yekha?

Ndipo si zidole zokha. Tsegulani Facebook kapena TikTok muone timasewero ta masiku ano. Mnyamata akangomanga chitenje, kuika malalanje pachifuwa n'kuchepetsa mawu, ndiye kuti wakhala katswiri wa nthabwala. Apongozi aakazi nthawi zonse ndi mfiti, mtsikana wa ku koleji ndi wokonda ndalama za madala, wantchito wa m'nyumba ndi wolanda mabanja. Ikafika 25 November mabungwe asindikiza matisheti a masiku 16 othana ndi nkhanza, akachita misonkhano ku nyanja, alandira maalawansi, pofika 10 December zatha. Ena mwa mabungwe omwewo ndi amene amalemba ganyu magulu a zisudzo osafunsa n'komwe zomwe akukanena kwa ana.

Sindikupempha kuti tibwerere ku nthawi ya Kamuzu, pomwe lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku. Koma bungwe loona za zisudzo ndi mafilimu la Censorship Board lilipo, ndipo lamulo la 1968 limalipatsa mphamvu younika masewero oonetsedwa pagulu. Unduna woona za jenda nawo uli pompano mu Lilongwe. Ndikupempha onsewa, pamodzi ndi aphunzitsi aakulu, kuti gulu lililonse lofuna kusewera pamaso pa ana liyambe laonetsa seweroli kwa komiti ya makolo, mukomitimo amayi asachepere awiri. Akakana, bwalo asapatsidwe. Ndipo wigi ija aiwotche.

Mayi wokwiya,
Area 25, Lilongwe