Lipoti la msonkhano wa zaumoyo: zomwe zimayambitsa kupweteka kwa msana

Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse, zikomo ponditumiza kukakuimirani ku msonkhano uja. Nkhani zinalipo zambiri, koma ndikhazikika pa ya msana chifukwa ndilo dandaulo lomwe timalimva kawirikawiri tikamayendera odwala m'makomo.

Madokotala anayamba ndi ziwerengero za bungwe la World Health Organization. Mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni padziko lonse ankavutika ndi msana wa cha m'chiuno, ndipo pofika 2050 akuyembekezeka kukwana 843 miliyoni. Pa odwala 10 aliwonse, pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda yeniyeni yoti n'kuiloza. Nthawi zambiri imakhala minofu yomwe yakokeka ponyamula katundu chowerama, popotokola thupi mwadzidzidzi kapena pokhala pampando tsiku lonse. Kusuta fodya ndi kunenepa kwambiri kumawonjezera vutoli. Ululu wotere umachepa wokha pakapita milungu ingapo. Apa m'pomwe ndikufuna tisinthe malangizo athu, chifukwa kumugoneka munthu masiku ambiri kumachedwetsa kuchira. Aziyenda pang'onopang'ono n'kumagwira tintchito tomwe angathe. Ngakhale ekisire si ya wodwala aliyense.

Pakati pa mafupa a msana pali tinthu tofewa ngati timapilo, tomwe madokotala amatitcha ma disc. Kamodzi kakaphulika kapena kutuluka m'malo mwake, kamapana mtsempha. Zikatero ululu umatsika kuchoka m'chiuno, kudutsa m'thako mpaka ku mwendo, mwinanso kuphazi, limodzi ndi dzanzi. Imeneyi ndiyo sciatica, ndipo ambiri amachira popanda opaleshoni.

Kwa achikulire anatchula nyamakazi ya kutha kwa mfundo za mafupa, komanso kuchepa kwa njira yodutsa mitsempha mumsana. Munthu wa vuto lachiwirili miyendo imamupweteka akamayenda, koma akakhala pansi kapena kuwerama amapezako bwino. Palinso kufooka kwa mafupa, makamaka kwa amayi omwe anasiya kusamba: fupa la msana limatha kuphwanyika ngakhale angogwa pang'ono. Kwa achinyamata kuli nyamakazi ina ya msana yotchedwa ankylosing spondylitis, yomwe imakonda kuyamba munthu asanafike zaka 45. Msana umauma m'mawa, umapweteka usiku, koma akayamba kuyenda umamasuka.

Gawo lomwe linandikhudza kwambiri ndi la matenda obisala kuseri kwa msana. Chifuwa chachikulu sichigwira mapapo okha. Chimalowanso m'mafupa a msana n'kumawadya pang'onopang'ono, mpaka munthu kutuluka linunda kapena kufa miyendo, chonsecho ndi nthenda yochizika ikapezeka msanga. Wodwalayo mwina sakhosomola n'komwe. Amangoonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku. Impso nazo zimapweteketsa msana cha m'mbali, pansi pa nthiti, zikakhala ndi timiyala kapena matenda a m'njira ya mkodzo. Khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo), ya m'mawere ndi ya m'mapapo imatha kufalikira ku mafupa a msana. Zimandipweteka mtima ndikaganiza kuti munthu wotere akhoza kumangomwa mankhwala opha ululu miyezi ndi miyezi, ife n'kumamuuza kuti apirire.

N'chifukwa chake anatitsindika kuti tisachedwetse wodwala yemwe mkodzo ukumukanika kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikungotuluka zokha, yemwe wachita dzanzi kumaliseche ndi pakati pa ntchafu, kapena miyendo ikumufooka. Ameneyo mitsempha ya kumapeto kwa msana ikhoza kukhala itapanika, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, chifukwa kuchedwa kumasiya chilema chosatha. Apitenso msanga amene msana wayamba atagwa kapena kuchita ngozi, amene anadwalapo khansa, amene akuonda popanda chifukwa, ndiponso amene ululu sukusiya ngakhale atagona.

Pempho langa, Wapampando, ndi loti pa mkumano wathu wotsatira mundipatse nthawi tiphunzitsane zizindikirozi mmodzimmodzi. Tigwirizanenso mafunso omwe aliyense wa ife azifunsa wodwala msana, kuyambira pa za mkodzo, mphamvu za miyendo, kutentha thupi ndi kuonda, asanamupatse langizo lililonse.