Lipoti la msonkhano wa magulu owerenga mabuku

A Wapampando, akomiti ndi mamembala anzanga,

Munandituma kumsonkhano wa magulu owerenga ndi oyang'anira malaibulale, ndipo ndabwerako bwino. Ndalama yoyendera ndi yamalo ogona ndagwiritsa ntchito monga tinapanganira, malisiti onse ali kwa a msungichuma. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zinandipeza zoti ena amati ndinangopita kukadya alawansi. Ndikupempha muwerenge kaye, muweruze pambuyo.

Mwambo wotsegulira unali wa masiku onse, kuthokozana ndi kukumbutsana kuti pa 23 Epulo ndi tsiku la mabuku padziko lonse, lomwe bungwe la UNESCO linakhazikitsa mu 1995. Gawo la kaundula wa mabuku pakompyuta linatalika, koma ife kompyuta tilibe. Mapepala ake ndabweretsa.

Chimene chinandigwira mtima ndi gawo limene aliyense anafunsidwa kutchula mabuku omwe akula nawo, kuyambira paubwana mpaka pano. Ine ndinatchera khutu kuti ndimve ndi angati atchule buku la mayeso. Anali owerengeka. Ambiri ankakamba za buku lomwe anasolola m'chikwama cha mkulu wawo, kapena lopanda chikuto lomwe linkazungulira kalasi yonse kunsi kwa madesiki. Mayi wina wachikulire anabwera nalo lake. Masamba achikasu, kumsana kosokedwa ndi ulusi wakuda. Anati pamene ankalipeza masamba omaliza anali atathothoka kale, ndiye mathero a nkhaniyo anachita kudzipekera yekha n'kumafotokozera azing'ono ake usiku. Mpaka lero mayiwa amalemba nkhani za ana.

Bambo wina anakamba mfundo imene sindinaiganizirepo. Anawerenga Things Fall Apart ya Chinua Achebe, yomwe inatuluka mu 1958, ali mnyamata, ndipo nthawi imeneyo ankasirira mphamvu za Okonkwo, mwininkhani wa m'bukulo. Atalibwereza ali ndi ana akeake, maso ake anagwera pa Ikemefuna, mwana amene Okonkwo anamupha poopa kuoneka wofooka, ndi pa Nwoye, mwana wa Okonkwo, amene anathawa bambo ake. Anati kuwerenga kwachiwiriko ndi kumene kunamuchititsa kusiya kukalipira mwana wake wamwamuna pagulu. Choncho buku lokondedwa limafuna kubwerezedwa, ndipo munthu sangalibwereze ngati analigwira kamodzi kokha, mphindi zochepa, woyang'anira atamuimirira kumbuyo.

Apa ndiye mtima unandibwezera kwathu kuno. Kabati yathu ya mabuku yakhala yokiyidwa chitayikire mabuku ena, ndipo kiyi ali ndi munthu mmodzi, amene amapezeka pokhapokha pali msonkhano. Ndinalembera komiti kalata pa nkhaniyi, yankho silinabwere. Ndinaona ndi maso anga kamtsikana kakubwezedwa pakhomo chifukwa m'manja munali fumbi, ndipo sikanabwerenso. Kodi tikusunga mabuku amenewa kuti adzawerenge ndani?

Musaganize kuti ndi chisoni chabe. Wotsogolera gawo lina anatikumbutsa zimene Keith Stanovich, katswiri wofufuza za mmene ana amaphunzirira kuwerenga, analemba mu 1986, potengera mawu a pa Mateyu 25:29 akuti amene ali nazo adzamuonjezera. Mwana amene wayamba kuwerenga msanga amadziwa mawu ambiri, mawuwo amamupeputsira buku lotsatira, ndiye amawerengabe. Amene wavutika poyamba amathawa mabuku, ndipo mpata pakati pa awiriwa umakula chaka ndi chaka. Wotsogolerayo anaonjezera kuti mu 2022 World Bank ndi mabungwe anzake anayerekeza kuti m'mayiko osauka ndi apakatikati, ana 70 mwa 100 alionse azaka 10 satha kuwerenga ndi kumvetsa kankhani kosavuta. Ena mwa ana amenewa amadutsa pakhomo pa kabati yathu tsiku lililonse.

Mfundo zimene msonkhano unamanga ndi izi. Gulu lililonse liyambe kubwereketsa mabuku kuti ana azipita nawo kunyumba. Imeneyi ndinaivomereza ndi manja awiri. Ndikudziwa kuti a msungichuma anena kuti mabuku ena sadzabwerera, ndipo nzoona, ena adzatayika. Koma chiswe ndi chinyezi nazonso zikuwadya muli m'kabatimo, palibe wawawerenga.

Mfundo ina inali yoti pogula mabuku tizitsogoza a chiyankhulo chimene mwana amayankhula kunyumba, komanso a nkhani zimene angadzionemo. Panatchulidwa wolemba mabuku Chimamanda Ngozi Adichie, amene mu 2009 anafotokoza kuti ali mwana ku Nigeria ankalemba za ana achizungu a maso abuluu, odya maapulo, chifukwa mabuku amene anali nawo anali otero, mpaka atawerenga mabuku a olemba a ku Africa, Achebe ndi Camara Laye. Sakunena kuti mabuku akunja ndi oipa, iyenso anawakonda. Koma tikatsegula makatoni a mabuku amene tinalandira aja, ndi angati amene mwana woyamba kumene angawamve?

Imene sindinagwirizane nayo ndi yoti gulu lililonse lilembe mndandanda wa mabuku oyenera msinkhu uliwonse, ndipo mwana azibwereka za pamndandanda wake basi. Ndinaimika dzanja n'kunena kuti zikutsutsana ndi maumboni onse amene tinali titangomva, poti pafupifupi aliyense anakopeka ndi buku lodzisankhira. Anandiposa mavoti. Ndikukuuzani poyera chifukwa ndinkayankhula m'dzina lanu. Maganizo anga ndi oti mndandandawo tilembe, uthandize makolo ofuna malangizo, koma mwana wa zaka 11 akaloza buku la akuluakulu lopanda zolaula, timupatse. Likamukanika adzalibweza yekha.

Gawo lomaliza linali la kalembedwe ka makalata opempha thandizo, ndipo chitsanzo chake ndapereka kwa alembi.

Pamsonkhano wathu ukubwerawu ndikupempha, a Wapampando, kuti nkhani ya kiyi ikhale yoyamba, isakankhidwenso ku zina ndi zina. Ndikufuna tisankhe anthu atatu osinthana kutsegula kabati, tigule kope lolembamo obwereka, ndipo tichotse chindapusa kwa ana. Masana a Loweruka ndidzatsegula ndine.