Womanga aziyamba wanena komwe madzi a padenga lake adzapite

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndidandaule za madzi a mvula mmatauni mwathumu makamaka kuno ku Lilongwe. Mvula ikangogwa ola limodzi tonse timathamangira kunena kuti ngalande zatsekeka ndi majumbo, nzoona sindikukana, koma pali mbali ina yomwe sitimaikamba. Madzi enieniwo achuluka kusiyana ndi kale ndipo awachulutsa ndi mamangidwe athuwa.

Ine ndimakhala kotsetsereka, chakumunsi. Kumtunda kwathu kunali nyumba imodzi yakalekale, ija ya bwalo lalikulu, kapinga, mitengo ya mango ndi kamunda ka chimanga kuseli. Zaka zonsezo mvula ikagwa madzi ambiri amalowa pansi pompo, kwathu kumangofika kamtsinje koti mwana amalumpha. Kenako malowo anagulidwa, nyumba ija anagumula nkumangapo nyumba za lendi 6, mitengo yonse anadula, bwalo lonse anathira konkire mpaka pageti, nkuzunguliza mpanda wa njerwa. Pansi pa mpandawo anaboola nkuikapo mapaipi awiri oloza kunsewu wathu. Mvula yoyamba ya Disembala madzi anatuluka mmapaipimo ndi mphamvu yoti anakumba nsewu wonse, kulowa mkhitchini mwanga, chimbudzi chokumba cha aneba chinadzadza nkugumukira mkati. Nditapita kukadandaula anandiyankha kuti mvula si yawo ndi ya Mulungu. Mvula ndi ya Mulungu inde, koma konkire ija anathira ndi iwowo.

Tawerengani nokha. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi mbali zonse imapereka lita imodzi. Nde denga la mamita 10 mulifupi, 20 mulitali, kukagwa mvula ya mamilimita 50 usiku umodzi limatsitsa malita 10,000, zimenezo ndi ndowa 500 zija za malita 20. Puloti ya mamita 30 kwa 40 yoti yonse ndi malata ndi simenti ndi malita 60,000. Kale ambiri mwa madzi amenewa dothi limamwa, pano onse akuthamangira kwa neba wakumunsi nthawi imodzi, ndipo mapuloti otere sali amodzi, ali mdera lililonse.

Madziwo akachoka kwa ife sathera pompo, amakagwera mu Lingadzi, mu Nankhaka, mu Lilongwe. Anthu a ku Mtandire akukumbukira February 2017 pomwe Lingadzi anasefukira nkugwetsa nyumba, ndipo Disembala chaka chomwecho zinachitikanso cha ku Kawale ndi Chipasula. Nthawi zonse zikatere timadzudzula osaukawo kuti amamangiranji mmbali mwa mtsinje, chabwino alakwa, koma nanga amene akwirira madambo ndi matipa a dothi nkumangapo mashopu ndi malo oimika magalimoto? Dambo ndi limene limagwira madzi nkumawatulutsa pang'onopang'ono, mukalikwirira madziwo amakafuna pena pokhala ndipo penapo ndi mnyumba za anthu. Komanso madzi akalowa mzimbudzi ndi mzitsime tikudziwa chotsatira, kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 mdziko muno.

Malamulo otsogolera zomangamanga tili nawo. Pali Physical Planning Act ya 2016 yomwe imati mtauni sumanga usanapatsidwe chilolezo, palinso Environment Management Act ya 2017 yomwe inakhazikitsa MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndipo ntchito zikuluzikulu zimayenera kuunikidwa kaye mmene zikhudzire chilengedwe. Nde khomo lilipo kale lomwe womanga aliyense amayenera kudutsa. Pempho langa kwa makhonsolo onse, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba, nlakuti pakhomo pomwepo pakhale funso limodzi lolembedwa poyera: madzi a padenga ndi pabwalo panu apita kuti? Pulani isadindidwe ngati palibe yankho. Ndipo muyeso ukhale wosavuta, madzi otuluka papuloti mutamanga asapose omwe amatuluka musanamange. Izi zikhudzenso ogumula nyumba zakale nkumanga zatsopano osati okhawo oyamba pathengo, chifukwa vuto lambiri pano lili kwa amenewa.

Ena ati nzodula. Kwa munthu wa kanyumba ka zipinda ziwiri sitikufuna injiniya ayi, chingomukwanira ndi magata padenga, mgolo wovundikira ndi dzenje lodzadza miyala loti madzi azilowa pansi, bola likhale patali ndi fawundeshoni, chimbudzi ndi chitsime, komanso madzi asamakhalitse masiku kuopa udzudzu. Koma munthu amene wakwanitsa kumanga nyumba 6 kapena golosale yaikulu asatiuze kuti thanki yamukanika. Asiye gawo la bwalo likhale kapinga kapena timiyala, abzale udzu wa vetiva potsetsereka, aike thanki, madzi omwewo adzathiririra maluwa nkutsukira galimoto mu Okutobala mipope ikauma. Ndalama yomwe akupulumutsayo timalipira ndi ife akumunsi pogula simenti yokonzera makoma chaka ndi chaka.

Chinanso ndi nthawi yomanga yeniyeniyo. Mchenga ndi kwale amathira mungalande momwe, mvula ikabwera zonse zimakokoloka nkukatseka kalavati wakutsogolo. Ena pofuna kuti galimoto izilowa bwino pageti amangokwirira ngalande kapena kuikamo kapaipi kakang'ono koti botolo limodzi la pulasitiki likutseka. Izi oyendera a khonsolo atha kuziona ali mgalimoto, sizofuna kafukufuku. Ndipo asamangoyendera pulani ili papepala, azibweranso nyumba ikatha mwini wake asanalowemo kudzaona ngati thanki ndi dzenje zomwe analonjeza zilipodi.

Makhansala athu ndi mafumu a mmabuloko nawonso atithandize, nkhani izi zizikambidwa pamisonkhano ya mdera mvula isanayambe osati tikakumana pogawa ufa ndi mabulangete a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, nyumba zitagwa kale. Ine pano ndadzadza matumba a mchenga 20 ndawandanditsa pakhomo la khitchini, mapaipi awiri aja akadali pompaja kuloza kwathu ndipo mitambo yayamba kale kuda chakumadzulo.

Ndine wowerenga wanu,
Lilongwe