Tionetseni mmene mudasankhira ochita kafukufuku

Akonzi,

Ndagwira ntchito ya ukapitawo pa zomangamanga kwa zaka 23, ndipo ndikupempha danga kuti ndilankhulepo za mmene makhonsolo a mizinda amasankhira makampani owagwirira ntchito. Anthu timakwiyira kontilakitala amene tamuona ndi fosholo mumsewu. Ine ndikuti vuto nthawi zambiri limayambira kwa munthu amene sitidamuone n'komwe, uja adachita kafukufuku ndi kujambula mapulani.

Chaka chatha mumsewu mwathu adamanga ngalande. Mvula yamphamvu yoyamba itagwa, madzi adadzadza pa kalavati, paipi yodutsitsa madzi pansi pa msewu, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kulowa m'nyumba zinayi. Kutacha ndidapita ndi tepi yanga. Paipi imene adaika ndi ya mamilimita 600, pamalo poti aliyense wodziwa ntchitoyi akadaika ya 900 kapena kuposa. Anansi anga ankafuna kukam'thira mphepo kontilakitala. Koma kapitawo wa pamalopo atanditambasulira mapulani pa boneti ya galimoto, ndidaona kuti adamanga ndendende zimene adapatsidwa. Simenti idali yokwanira, miyala adayala bwino. Cholakwa chidali papepala.

Ochita kafukufukuwo adabwera m'chilimwe, fumbi lili koboo, adakhala masiku awiri basi. Sadagogode pakhomo la gogo wina wa nyumba yapangodya, amene khoma lake lili ndi mzere wa matope wofika m'mawondo, wosonyeza pamene madzi amalekezera chaka ndi chaka. Akadangowafunsa gogowo, akadadziwa kuti madzi a misewu itatu amakumana pomwepo.

Ndiye funso langa n'lakuti, kampani ya kafukufukuyi idasankhidwa bwanji?

Pa ntchito yomanga, kawirikawiri amapambana amene wanena mtengo wotsika mwa makampani amene akwaniritsa zofunika zonse. Pa kafukufuku sizikuyenera kutero. Njira yodziwika ndi ya maenvulopu awiri: mu imodzi muli luso la kampani, mayina a mainjiniya ake ndi mmene idzagwirire ntchito, mu inayo muli mtengo. Amayamba atsegula ya luso n'kupereka malikisi, ndipo amene walephera pamenepo envulopu yake ya mtengo imabwezedwa yosatsegula. Pa ntchito zambiri zothandizidwa ndi World Bank, luso limatenga malikisi 80 ndipo mtengo 20. Nzeru yake n'njoonekeratu. Ndalama za kafukufuku n'zochepa poyerekeza ndi za ntchito yonse, koma nambala imodzi ikalakwika mu lipotilo, makobiri onse omangira apita ndi madzi.

Ndakhalapo kangapo pa tsiku lotsegula zikalata za makampani opikisana. Bokosi amalitsegula anthu akuona, mayina ndi mitengo amawerenga mokweza, aliyense amalemba m'kabuku kake. Pamenepo chinyengo n'chovuta. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zimene zimachitika tsikulo lisadafike ndiponso litadutsa. Wolemba zoyenereza angathe kuzisoka ngati suti ya munthu mmodzi, kuti kampani ina yokha ndiyo ikwanemo. Kenaka komiti younika imakatsekera m'chipinda, ndipo ife timangomva dzina la wopambana. Malikisi sitiwaona. Sitidziwanso ngati mainjiniya amene mayina awo adapambanitsa kampaniyo ndi omwewo adafika pamalo, chifukwa amene ine ndidawaona mumsewu mwathu adali anyamata awiri ongotuluka kumene kusukulu, opanda wamkulu wowayang'anira. Sindikuwadzudzula anawo, adatumidwa okha.

Palinso kusiyana kwina kumene kumandiwawa. Womanga amapereka chikole, nthawi zambiri 10 peresenti ya mtengo wa ntchito, ndipo khonsolo imagwira gawo lina la malipiro ake mpaka patatha miyezi 12 kuti akonze zimene zaonongeka. Wochita kafukufuku akangopereka lipoti amalandira zake n'kumapita. N'zoona kuti makontilakiti ambiri amafuna kuti akhale ndi inshulansi yolipira akalakwitsa, koma m'zaka zanga zonse sindidaonepo khonsolo ikuitsatira inshulansi imeneyo.

Zimene ndikupempha, zoti malikisi aziikidwa poyera, sizachilendo. Gawo 9 la pangano la United Nations lothana ndi ziphuphu, la chaka cha 2003, limati zoyenereza zidziwike mpikisano usadayambe, nkhani za kagulidwe ka boma zifalitsidwe, ndipo wodandaula akhale ndi kokadandaula. Ku Ukraine, kuyambira 2016, adakhazikitsa njira ya pa intaneti yotchedwa ProZorro, imene munthu wamba amatha kuona zikalata za makampani onse amene adapikisana, opambana ndi olephera omwe, mpikisano ukatha. Khonsolo imene ilibe makina otere ili ndi bolodi pakhomo pa ofesi, ndipo pepala la malikisi ndi tsamba limodzi lokha.

Choncho ndikupempha makhansala athu kuti lipoti la kafukufuku lidziwerengedwa pamsonkhano wa anthu a m'deralo ntchito yomanga isadalengezedwe. Tikadaliona ife, nkhani ya paipiyo ikadatha m'mphindi zisanu. Mayina a eni makampani alembedwenso poyera, kuti tidziwe ngati wochita kafukufuku ndi womanga sali pachibale kapena sali munthu mmodzi wa zipewa ziwiri.

Ndamva kuti kukubwera kafukufuku wina wa misewu ya kumtunda kwathu, imene madzi ake amatsikira kwa ife. Ndalembera kale kalata khansala wathu kupempha tsamba la malikisi a ulendo wapitawu, ndipo mpaka lero sindidayankhidwe. Ndapemphanso kuti amene adzapambane ulendo uno adzabwere nthawi yadzinja, adzaime nafe pa kalavati paja mvula ikugwa, gogo aja ali pomwepo.

Ine wowerenga wanu,
Kapitawo wopuma pantchito