Tizisoketsa kwa matelala athu

Akonzi,

Abale anzanga kuno ku Johannesburg, tiyeni tiziwapatsako ntchito matelala athuwa. Diresi lomwe ndinaoda pa intaneti motchipa linang'ambika m'khwapa nditangolichapa kawiri, ndalama yalowa m'madzi basi, pomwe siketi ya shweshwe yomwe anandisokera mayi wina wakwathu ku Yeoville ikadali bwinobwino chaka chachitatu chino, nsalu yake ndinakagula ndekha ku Oriental Plaza ku Fordsburg. Shweshwe yeniyeni imapangidwa konkuno, ku fakitale ya Da Gama ku Eastern Cape, imabwera youma gwa ndi kafungo kake mpaka uyichape. Mayiwa nsalu zotsala sataya ayi, amasokera tizikwama ndi timipango. Kusoketsa n'kodula inde, sindikukana, koma ndalamayo ndimaiona komwe ikupita, lendi yawo ndi fizi ya ana awo ku Mangochi.

Ine wanu,
Mayi wa ku Rosettenville